A Medson, Munthu Wotsanzika Osachoka

Ku Hyattsville kuno ku Amereka mukatchula dzina la a Medson Kambalame, munthu amayamba waseka kaye, kenako n'kukuuzani kuti, "Aja otsanzika aja?" Ena amadziwika ndi mowa, ena ndi mapemphero aatali, koma a Medson ankadziwika ndi kutsanzika. Anatitsanzika mpaka ana amene anali m'mimba pa kutsanzika koyamba anayamba sukulu, iwo ali pompano.

Ine Emmie ndinagwira nawo ntchito ku Laurel, kunyumba yosamalira okalamba. Tinkanyamula anthu, kuwasambitsa, kuwatembenuza, mpaka msana wa a Medson unati basi. Atapuma pantchito anatidabwitsa tonse. Anasiya nyumba ya lendi n'kugula chigalimoto chakale chokhala ndi bedi, chimbudzi ndi pophikira m'kati, zija anthu a ku Amereka amati RV. Padenga anayalapo mapanelo a sola, mabatire anawaika kunsi kwa bedi, ndipo kumbuyo analembako ndi penti yofiira kuti NDAPITA INE.

"Mwapita kuti, ankolo?" ndinawafunsa.

"Ku Arizona, mwanawe. Kuchipululu. Kulibe lendi, kulibe supervisor, kulibe snow. Dzuwa lokhalokha, la free. Ndikufuna ndikaone tsiku limodzi lotuluka popanda munthu wondiitana."

Chimene ankafuna chinali chomwechi basi: kutuluka mu mzinda uno asanafe. Abusa Stafford anawalola kuimika chigalimotocho kuseri kwa tchalitchi chathu kwa kanthawi, kuti amalize kutsanzika. Abusa ankati mlendo ndi mame. Koma mame awa anakana kuuma.

Nkhani ya magetsi inali chipembedzo chawo chachiwiri. Pakhoma la tchalitchi panali soketi, pafupi kwambiri moti nthambo ikanafika, koma a Medson ankayiyang'ana ngati mkazi wa mwini. "Magetsi a bilu ine ndinasiyana nawo," ankatero. Vuto linali chimtengo chachikulu chimene chinali pakona. Mthunzi wake ukakhudza mapanelo, a Medson ankaliza injini n'kusuntha pang'ono. Mthunzi ukawatsata, ankasunthanso. Pofika madzulo anali atazungulira bwalo lonse, ndipo wina anati akanakhala kuti maulendo amenewa ankalunjika mbali imodzi, bwenzi atafika ku Arizona n'kubwerako.

Ukapita kukawaona, asanakupatse moni ankayamba ayang'ana kachipangizo kosonyeza mphamvu ya mabatire.

"Tiyi alipo, ankolo?"

"Tayang'ana kumwamba."

"Kuli mitambo."

"Ndiye ukufunsiranji? Imwa madzi."

Nthawi yachisanu tinkawaona pamakwerero ali ndi tsache m'manja, akusesa chipale padenga uku akukalipira dzuwa la kuno kuti ndi laulesi, limabwera mochedwa n'kuweruka msanga ngati wantchito wa boma.

Tsono chimene chinawamanga si injini, si mafuta. Ndi ulemu. A Medson analeredwa bwino, ndipo kwa iwo munthu wochoka osatsanzika ndi wakuba kapena mfiti. Kutsanzika kwake sikunali kwa pafoni ayi. Ankafuna kufika pakhomo, kukhala pansi, kudya, kupempha kuti ngati analakwira wina akhululukidwe. Koma kuno mungamupeze ndani pakhomo? Uyu ali pa shifiti yausana, mkazi wake yausiku, uyu waphatikiza ziwiri. Pomafika ku banja lomaliza ku Laurel, miyezi inali itapita, ndipo banja loyamba lija linkayamba kudandaula kuti kutsanzika kwawo kunatha mphamvu. A Medson ankayambiranso.

Akati amalize, kunkagwa maliro. Kaya munthu wafera ku Silver Spring, kaya ku Mzimba, ife timasonkhana m'nyumba ya wofedwayo, ndipo munthu wamkulu sangalize galimoto anzake akulira. "Tiike kaye malirowa," ankatero a Medson akuvula chipewa. Amalawi ndi Azambia tikaphatikizana, maliro satha.

Kenako kunabwera akatundu, ndipo woyambitsa ndimamudziwa. Ndi mayi Gwendoline, nesi wochokera ku Chipata, mzimayi woti akakuuza kuti khala pansi umakhala ngakhale palibe mpando. Anafika ndi chikatoni pamutu.

"Ba Medson, ni ka parcel chabe. Muzapasa sister wanga ku Indiana."

"Mayi, Indiana si njira ya ku Arizona."

"Iwee, America ni imodzi. Muzakhota chabe pang'ono."

Munthu wapaulendo sakana katundu wa mnzake, tonse timadziwa. Mbiri itamveka, anthu anakhamukira. Zitenje za ku Texas, ufa wa ku Seattle, nsapato za mwana wa ku Ohio zimene mwini wake anazikula zili m'galimotomo. Wina anabweretsa chambo, wina mwendo wa mbuzi. A Medson, poopa manyazi okafikitsa nyama yonunkha kwa eni ake, anagula firiji yaikulu yowumitsa zinthu. Walira mvula walira matope. Firijiyo inkameza magetsi onse a padenga, ndipo kuyambira pamenepo tiyi anatheratu ngakhale tsiku ladzuwa.

Chaka china kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mitengo, magetsi n'kuzima dera lonse kwa masiku. M'nyumba zathu nyama inayamba kulira madzi. Kuseri kwa tchalitchi kokha ndi kumene firiji inkang'ung'udza. Tinandanda pamzere ndi mapoto, mafoni, ndipo mayi Martha, woimba wathu wamkulu m'kwaya, anabweretsa mankhwala awo a shuga ofunika kuzizira. A Medson anakhala pakhomo la chigalimoto chawo ngati bwana wa banki.

"Si inu munkati ndapenga? One at a time, please."

Magetsi atabwerera palibe anapita kukatenga zake. Mafiriji a m'nyumba za lendi ndi aang'ono, ndipo ya a Medson inalibe bilu. Anasanduka mlonda wa nyama za anthu. Sakanachoka nazo, sakanazitaya, ndipo kuuza munthu kuti dzatenge mbuzi yako ankakuona ngati kumutukwana.

Kamodzi kokha anayesa kuthawa. Linali Lamulungu, abusa ali pakati pa ulaliki, aliyense ali m'kati. A Medson anakwera mwakachetechete n'kuika giya yobwerera m'mbuyo. Anaiwala kuti chigalimotocho chikamabwerera chimalira ngati chikuitana mudzi wonse. Pii! Pii! Pii! Mpingo wonse unatuluka, kwaya patsogolo.

"Abale, m'bale wathu akunyamuka!" anafuula abusa. "Tingamulole kupita wopanda pemphero?"

Abusa Stafford akayamba kupemphera amayambira kwa Abrahamu. Pamene ankafika pa ulendo wa Paulo, anthu a mapemphero achiwiri anali ataimika magalimoto awo kutsogolo ndi kumbuyo kwa a Medson, ndipo amayi atatu anali atathamangira kunyumba kukatenga timakatoni tina. Ameni asanamveke bwino, foni ya wina inalira: amalume ake amwalira ku Dedza. Ndinaona a Medson akuzimitsa injini, n'kutsamira chipumi pachiwongolero. Tonse tinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke.

M'dzinja lapitali anagwa pamakwerero akuchotsa masamba pamapanelo. Kuchipatala anapeza kuti vuto si mwendo, ndi mtima. Ndinapita kukawaona ndi mayi Gwendoline titaweruka, mayunifolomu ali m'thupi. Anali atachepa pabedipo, maso ali pawindo.

"Firiji ikuyenda?" ndilo linali funso lawo loyamba.

"Ikuyenda, ankolo."

Kenako anati, "Emmie, anzanga amakalambira kumudzi, ena kwa ana awo. Ine ndakalambira pa parking lot."

Ananena moseka, koma ine zinandilasa, ndipo ndinaona mayi Gwendoline akutembenukira kukhoma. Tili m'galimoto pobwerera tinafika pa Beltway, msewu waukulu uja wozungulira mzinda uno ngati mpanda. Pamenepo mayi Gwendoline anamenya chiwongolero.

"Ni ise tamumanga uyu muntu. Manje tizamumasula."

Loweruka lotsatira anaima pakhomo la chigalimoto chija manja ali m'chiuno, akuitana maina. Aliyense anatenga katundu wake, ndipo nyama yosowa mwini tinaiwotcha pomwepo, mpingo wonse n'kudya mbuzi zakale zolimba ngati lamba. A Medson atatuluka m'chipatala anapeza m'kati muli mbee. Anayamba kunena kuti ayambe afika kwa abusa, kenako kwa mayi Martha.

"Palibe!" anatero mayi Gwendoline. "Mukalaila, mukatsanzika muntu even one, nizaponya makiyi mu mtsinje wa Anacostia. Yendani, ba Medson. Takukhululukirani tonse, wholesale."

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa, tonse tili kuntchito. Dokotala anali atawaletsa kuyendetsa mtunda wautali, choncho ankati aziyenda pang'onopang'ono. Tsiku lotsatira foni yanga inalira ndili pa nthawi yopuma.

"Emmie, ndatuluka! Ndili kumapiri a ku Virginia. Kuno kulibe mtengo wondilonda, ndaima pambalambanda."

"Ndiye mukumva bwanji, ankolo?"

"Mabatire adzaza dzuwa lisanafike pamutu. Ndamwa tiyi kawiri." Anatsokomola. "Koma magetsi onsewa ndichita nawo chiyani, mwanawe? Palibe ndi mmodzi yemwe wobwera ndi foni."

Ndinawauza kuti apitirize, Arizona ikuwadikira. Anati apuma kaye pamenepo, malowo ndi abwino, ndipo dzuwa analiona likutuluka popanda wowaitana. Kumapeto kwa sabata imeneyo woyang'anira malo ogona apaulendo amene anaimapo anawapeza atakhala pampando wawo wopinda panja, kapu ili pambali, atapita kale. Kuchokera kuno mpaka pamene anafikapo, munthu amapita m'mawa n'kubwerako nkhomaliro isanakwane.

Tinakangana pamaliro. Ena ankati tinawapha powalola kupita, ena ankati tinawapha powasunga. Mayi Gwendoline ankangotsuka mbale kukhitchini akulira. Ine maganizo anga ndi akuti a Medson anafika. Sikunali ku Arizona, koma kunali kunja kwa mpanda.

Kuseri kwa tchalitchi tsopano kumaima magalimoto wamba. Mapemphero akatha anthu sachedwanso pabwalo, aliyense amayang'ana wotchi n'kuthamangira shifiti. Kale tinkazungulira chigalimoto chija n'kumafunsa kuti, "Mukunyamuka liti, ankolo?" ndipo pofunsapo aliyense ankatchulako kwake: uyu nyumba imene akumanga ku Area 25, uyu munda wa ku Chipata, uyu chaka chimene adzasiye kunyamula okalamba a eni. Tinkawaseka a Medson, koma pakhomo pawo ndi pokhapo pamene tinkalankhula zochoka tili amoyo. Masiku ano nkhani ya ulendo imamveka pokhapokha tikamakambirana za ndege yonyamula bokosi.