Mmene Ndinakanira Galimoto Yaulere

Nkhani iyi akazi anga amaifotokoza paliponse pamene pakumana Amalawi muno mu Perth, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye bola ndidzivule ndekha, muimve kuchokera kwa mwini manyazi. Ine amene, munthu wamutu wabwinobwino, ndinakana galimoto yaulere. Osati kamodzi ayi!

Inali nthawi ya Covid, boma la kuno litatseka malire moti ngakhale ntchentche inkafunika chilolezo kuti ilowe. Mayi a Tadala, akazi angawo, ndi namwino, ndipo ndi iwo anatibweretsa kuno. Ine ndinkagwira ntchito mu weyahausi ina ku Kewdale, kukweza ndi kutsitsa makatoni. Kagalimoto kathu kakale kanali katafa injini, ndipo masiku amenewo magalimoto akale omwe anali atakwera mtengo ngati ndege. Choncho ine mabasi awiri popita, mabasi awiri pobwera, masiki kumaso, thukuta kamukamu. Mayi a Tadala akakhala pa shifiti yam'mawa ankachita kupempha anzawo kuti adzawatenge. Galimoto tinkailota usana ndi usiku.

Khomo loyandikana nafe kunkakhala mkulu wina wa ku Amereka, a Gary. Anabwera kudzaphunzitsa za miyala ku yunivesite ya ku Crawley, ndipo matenda atavuta kwawo anangoti bola akhale kaye konkuno. Bambo wamkulu, imvi mbuu, pulofesa weniweni. Koma tsiku loyamba nditawaitana kuti "Professor" anacheuka kumbuyo ngati ndikuitana wina.

"Just Gary," anatero akuseka.

Lilime langa linakana. Munthu wa msinkhu wa bambo anga ndimutchule dzina ngati tinkaweta limodzi mbuzi? Tinagwirizana pa "a Gary" basi.

Mkuluyu ndinkamusirira, sindibisa. Mpope ukadontha ankakonza okha, pulofesa yense atagona chagada pansi pa sinki. Loweruka ankapita kukagawa chakudya kwa ophunzira akunja amene ntchito zinawathera. Wotola zinyalala ndi mkulu wa yunivesite ankawapatsa moni wofanana. Ndipo akakufunsa funso, ankamvetsera yankho lako n'kulikhulupirira lonse lathunthu. Apa ndiye panagona tsoka langa.

Malire atatsala pang'ono kutsegulidwa, ndikuchokera kuntchito madzulo ena, ndinawapeza akutsuka galimoto yawo. Yoyera mbee, yosamalidwa ngati mwana woyamba.

"Lonjezo!" anandiitana. "Ndikubwerera kwathu mwezi wamawa. Galimotoyi sindigulitsa, ndikufuna kupatsa munthu amene akuisowa. Do you want it?"

Kuifuna ndinkaifuna zedi. Koma ine ndinaleredwa, abale. Kwathu ku Dedza, munthu akakupatsa chinthu chachikulu sulumphira ngati galu waona fupa. Umakana kaye. Mwini wake amakukakamiza, iwe n'kukananso mofooka, iye n'kukwiya pang'ono, ndiye kachitatu umalandira ndi manja awiri ngati wagonja. Aliyense amapita kwawo ndi ulemu wake.

"Aaa, no no no, a Gary! It's too much. Ife tili bwinobwino, mabasi alipo."

Pakamwa pankakana, koma nkhope yonse inkakuwa kuti funsaninso. Vuto lake, nkhopeyo inali idakali m'kati mwa masiki ya m'basi.

A Gary anandiyang'ana mwaulemu, nagwedeza mutu. "Okay. I respect that." Basi n'kupitiriza kutsuka tayala!

Ndinaima pomwepo kudikira funso lachiwiri. Ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Ndinatsokomola pang'ono kuti akumbuke kuti munthu adakalipo. Iwo anangosunthira m'mbuyo n'kundifunsa ngati ndayezetsa Covid.

Kunyumba sindinanene kanthu. Ndinadziuza kuti azungu ena amachedwa kumva, ayenera kuthandizidwa.

M'mawa mwake ndinadutsa pakhomo pawo ndikutsimphina, chikwama paphewa, ndikuusa moyo mokweza. Dzuwa la Perth la mwezi umenewo limachita kukuwotcha ngati uli nalo mlandu.

"Eee, a Gary, mabasiwa! Dzulo ina inandisiya ndikuiona. Miyendo yatha iyi."

"Ndimakuona tsiku lililonse," anatero. "M'dzuwa lonseli, koma sujomba kuntchito. Dikira!"

Analowa m'nyumba mothamanga. Ine mumtima: makiyi awo! Ndinapukuta manja pathalauza kukonzekera kulandira. Anatuluka ndi chipewa chachikulu cha mlaza, chonga cha mlonda wa kumunda wa mpunga.

Chipewacho ndinachilandira msangamsanga, kuti aone kuti ndine munthu wotha kulandira zinthu. Iwo anangoti, "Ndimakukondera zimenezi. Umangotenga chokhacho chimene ukuchisowa."

Loweruka ndinasintha njira. Ndinadzuka ndi ndowa ndi chiguduli, n'kuyamba kuitsuka galimotoyo popanda wondituma. Ndinaipukuta mpaka ndinkadziona mano pachitseko. A Gary atatuluka ndi khofi wawo, ndinayamba kuiyamikira ngati mkhalapakati wa ukwati.

"Galimoto iyi ndi yabwino, a Gary. Matayala atsopano. Mipando yofewa. Kumbuyoku mwana wasukulu angakhale bwinobwino. Amene adzaitengeyo ndi wamwayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Lonjezo, nthawi zambiri sindifunsa kawiri. Are you sure you don't want it?"

Aleluya! Mwambo wayamba kuyenda! Tsono apa m'pamene munthu wanzeru akanagwira mwendo. Koma ine mutu unawerengera mwachikwathu: aka n'kachiwiri, katsala kamodzi. Ndinapendeketsa mutu, mawu n'kuwafewetsa ngati wodwala.

"Ayi ndithu, a Gary. Pali ena ovutika kuposa ife."

Maso awo anawala. Anandimenya paphewa mpaka khofi anatayika.

"That's it! Iwe ukuwadziwa anthu akwanu onse. Undithandize kupeza woyenera. Tisankhe pofika Lamlungu la sabata yamawa."

Ndi mmene ndinasandukira wapampando wa komiti yopereka galimoto yanga yomwe kwa munthu wina.

Sabata imeneyo ndinachimwa, Mulungu andikhululukire. A Gary akandifunsa pampanda kuti nanga mnyamata uja wogwira ntchito ku Welshpool, ine: "Ameneyo laisensi yake njokayikitsa." Nanga mayi aja osamalira okalamba? "Iii, amayendetsa ngati minibasi yothamangitsidwa ndi apolisi." Nanga abusa anu? "Maso, a Gary, maso avuta." Amalawi onse a mu Perth ndinawalepheretsa mayeso, mmodzimmodzi, ndikudikira kuti mkuluyu atope anene kuti ndiye ingotenga iweyo. Koma iwo ankangodandaula kuti anthu akwathu ali pamavuto a zoyendetsa, mwina tiwakonzere maphunziro.

Lamlungu titangobwera kutchalitchi, kugogoda pachitseko. A Gary, makiyi m'manja. Mayi a Tadala anawalandira, nawapatsa mpando, n'kuwafunsa ngati angamwe tiyi. "Yes, please," anayankha nthawi yomweyo. Taonani anthu amwayi!

"Grace," anatero kwa akazi angawo, "uli ndi mwamuna wodabwitsa. Amandikumbutsa bambo anga. Munthu woima payekha, wosafuna chithandizo cha wina. Kawiri konse wakana."

Mayi a Tadala anaika thireyi pansi pang'onopang'ono.

"Wakana chiyani?"

"Galimoto. Ndimafuna kukupatsani inuyo poyamba, koma Lonjezo anati muli bwinobwino, mabasi alipo."

Mayi a Tadala anatembenukira kwa ine, kumwetulira kuli pakamwa chifukwa cha mlendo, koma m'maso muli moto.

"Bambo a Tadala. Tili bwinobwino?"

"Mayi, ndimati ndidikire kachitatu…"

"Mabasi alipo?"

"Mwambo, mayi. Munthu sungangolumphira…"

"Ine ndikuchita kugwadira anzanga kuti adzanditenge m'bandakucha, inu muli kalikiliki kukana magalimoto? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Inu mumafuna a Gary alote?"

Kenako anayang'ana mlendo uja m'maso. "Gary, I want the car."

"Koma amuna ako anati…"

"Iwo anakana zawo. Ine ndikuifuna."

A Gary anaseka mpaka kugwira pamimba. "Fair enough! Aliyense adziyankhulire yekha." Makiyi aja, amene ndinawapukutira manja sabata yonse, anadutsa pamphuno panga n'kukagwera m'manja mwa Mayi a Tadala. Nkhani imene inanditengera chipewa, ndowa, kutsimphina ndi mabodza onena abusa, iwo anaimaliza ndi mawu anayi.

Kenako mkulu uja anatembenukira kwa ine, osati monyoza, koma mozizwa kwenikweni. "Lonjezo, unkaifuna nthawi yonseyi? Bwanji sunanene?"

Ndinawafotokozera za mwambo wokana kawiri n'kulandira kachitatu, mutu uli pansi. Anamvetsera bwinobwino monga mwa chikhalidwe chawo, ndipo anapepesa, iwo kupepesa ine! Anati kwawo munthu akati ayi, kumukakamiza n'kumuyesa mwana wosadziwa chimene akufuna. "Ndinakhulupirira mawu ako chifukwa ndimakulemekeza," anatero.

Sabata zonsezi ndinkayesa kuti mkuluyu ndi wosamva zinthu, chonsecho ankandipatsa ulemu waukulu kuposa umene ndinkadzipatsa ndekha. Anatenga ayi wanga ngati ayi wa munthu wamkulu. Ndinachita manyazi, komanso ndinawakonda kwambiri bambo amenewa. Ndinalumbira pamaso pa onse awiri kuti kuyambira tsiku limenelo inde wanga akhala inde, ayi wanga akhala ayi.

Galimoto inalembedwa m'dzina la Mayi a Tadala, ndipo ine sindinatsutse.

Lolemba lotsatira ndinatuluka m'mawa ndi chikwama changa, chipewa chamlaza chili kumutu. Mayi a Tadala anali atakhala kale pachiwongolero, yunifolomu yowala, wailesi ikuimba nyimbo zauzimu. Anatsitsa galasi.

"Bambo a Tadala, ndidutsira cha ku Kewdale. Mukwera?"

Abale inu, chizolowezi ndi matenda. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panatseguka pokha.

"Aaa, musavutike mayi, ine ndingathe…"

Vuuum!

Ndinathamangira kumsewu ndikukupiza chipewa. "Mayi a Tadala! Kanali koyamba kameneko! Funsaninso!" Galimoto inakhota pakona, indiketa ikuphethira mwaulemu.

Nditacheuka, a Gary anali pakhonde pawo pakati pa makatoni olongedza. Anakweza kapu ya khofi m'mwamba, nkhope ili yodzaza ndi kusirira.

"Still taking the bus, Lonjezo? I respect that!"

Ulemu wokana kaye ndi wabwino ndithu, koma dziwani kuti umayenda wapansi.