Makalata Awiri a Chidindo

Lolemba
Koleji ya unamwino ku Blantyre ikufuna makalata awiri ondichitira umboni, okhala ndi chidindo, pofika Loweruka masana. Zosavuta! Oti ndiwapemphe:
a hedimasitala a kusekondale kwathu;
abusa.
Sabata ino ndikutsanzikana ndi dengu la tiyi. Zaka zitatu likundipinda msana, zakwana.

Lachiwiri
A hedi akundiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa nthochi. Zaka zinayi ndinkakhala benchi yakutsogolo, koma akukumbukira mchimwene wanga amene anaswa zenera.
"Lembani nokha, mwanawe, ine ndingosaina."
Chabwino. Masana onse ndikudzitamanda. Waulemu, wakhama, wokonda odwala. Mtsikana wa m'kalatayu ngakhale ine ndikumusirira.

Lachitatu
Asaina osawerenga. Chidindo? Chili mu diloo. Kiyi? Ali ndi achiwiri awo. Achiwiriwo? Awoloka malire, ali ku maliro a apongozi ku Milange, kiyi m'thumba. Sukulu yonse yaima chifukwa cha gogo amene sanapondepo pakhomo pake. Abwera liti? "Akamaliza kulira."

Lachinayi
Abusa akuti makalata amalemba ndi a Muhiwa, mlembi wa mpingo. A Muhiwa ayamba afunsa chifukwa chimene sindioneka pa tsiku lokolopa tchalitchi. Kenako akulemba, lilime panja, ola lathunthu. Chotuluka ndi mzere umodzi: "Mkhristu uyu sanadulidwepo." Basi! Ubwino wanga wonse ndi woti sanandigwirepo. Koma chidindo chilipo, chachikulu, chofiirira.

Lachisanu
Ndapalasa njinga kawiri kupita kusukulu. Ku Milange akulirabe. Mantha andigwira, sindinama.
Ndikuthamangira ku esiteti ya tiyi, kwa a kapitawo athu a Namakhwa. Sakufunsa dzina, akulidziwa. Akulemba okha tsamba lonse, akudinditsa ku ofesi, akumata envulopu ndi malovu.
"Ndalemba zoona zokhazokha, mwana wanga."
Misozi ikulengeza. Anthu abwino akadalipo!

Loweruka
Minibasi kuchokera pa Thuchila, chiperoni chikuwaza, makalata atatu m'jumbo ya shuga. Ku koleji mayi wa pawindo akundibwezera ya a hedi: "Yopanda chidindo ndi pepala lokulungira mandasi."
Ya a Muhiwa akuitembenuza kufuna mawu ena kuseri.
Akung'amba envulopu ya a Namakhwa, ndipo akuwerenga mokweza, mzere wonse wa anthu ukumva:
"Mtsikana uyu sachedwa, sadwala, sayankha mwano. Manja ake ndi ofewa, tsamba saliphwanya. Mvula ikagwa ena amathawa, iye amatsala. Pa gulu langa palibe wina ngati iyeyu. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti musamutenge."
Wina kumbuyo akuwomba m'manja.
"Achemwali," akutero mayi uja, "tizilembe kuti akukuvomerezani kapena akukukanizani?"
Windo likutsekedwa, nthawi yatha.

Lamulungu
Achiwiri a hedi abwera. Ndawaona kutchalitchi, kiyi akulendewera pa lamba, akuimba mwamphamvu. A Muhiwa alengeza kuti sabata yamawa okolopa ndi ine.
Kalata ya a Namakhwa anandibwezera ku koleji kuja. Ndimafuna kuyatsira mbaula, koma ndaiwerenga kanayi. Chikundiwawa n'chakuti mwa anthu onsewa, amene anandiyang'anitsitsa n'kundidziwa ndi yekhayo wosafuna kuti ndichoke.
Ndaipinda, ndaiika m'Baibulo. Dengu ndalisoka chingwe. Mawa sikisi koloko, ndipo sindichedwa, zinalembedwa kale.