Ndinkamudziwa Napoleon

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ngakhale ana anga sakuidziwa. Koma poti amene anandiseka tsiku limenelo anatsogola kale onse, lero ndiulula manyazi anga.

Ndinafika ku Bindura, m'dziko la Ashona, nkhondo ya Ajeremani itangotha, kuchokera kwathu ku Mulanje, kutsinde kwenikweni kwa phiri. Anandilemba ntchito ya malayisha kumgodi wa golide: tsiku lonse pansi, fosholo m'manja, kudzaza miyala m'tingolo tachitsulo.

Kukomboni anandiika chipinda chimodzi ndi Ashona atatu. Sanali anthu oipa, koma akayamba kucheza ine ndinkangoseka iwo akaseka, osadziwa choseketsacho. Anyasa anzanga analipo, koma ambiri anali okhalitsa, a mabanja awo, ndipo moni wawo unkathera pakhomo. Kalata yakumudzi ndinaidikira miyezi isanu ndi iwiri, osabwera. Tsiku lowawa kwambiri linali Lamlungu. Ndinkachapa malaya anga awiri, n'kukhala pamwala kumawayang'ana akuuma.

Ndiye ndinamva kuti Bambo Mhango, mabalane, kapena kuti kalaliki wa kuofesi, Mtumbuka wophunzira kumishoni, amaphunzitsa akuluakulu Lamlungu masana kuseri kwa tchalitchi. Ankawauza za anthu otchuka akale, mafumu a kutsidya kwa nyanja ndi milungu ya Agiriki. Ine maphunzirowo sindinkawafuna. Ndinkangofuna benchi yokhala ndi munthu mbali iyi ndi mbali inayo.

Ankaphunzitsa mosakaniza Chingerezi, Chishona ndi Chinyanja, ndipo ine ndinkangotola apa ndi apo. Tsiku lina potseka anati, "Next week tidzaphunzira za woopsa kuposa onse. Napoleon!"

Ine ndinamva "Napolo". Kwathu Napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala m'kati mwa phiri. Chikafuna kusamuka, phiri limang'ambika, madzi ndi miyala n'kukokolola zonse za m'njira yake. Kamchira ka kumapeto kwa dzinalo ndinangoti n'Chingerezi chabe. Chifikireni m'dziko la eni, aka kanali koyamba munthu kutchula chinthu chakwathu!

Ndinangozindikira ndaimirira.

"Aphunzitsi, ameneyo ndikumudziwa!"

"Inu, achimwene? What is your name?"

"Laisoni."

"Mukumudziwa bwino?"

"Kuyambira ndili mwana."

"Wonderful! Sabata yamawa mudzayamba ndinu, ine ndidzangowonjezera."

Sabata imeneyo ndinakhala munthu. Anzanga a m'chipinda anayamba kunditchula "ticha", mmodzi mpaka kundibwereka jekete. Pansi pamgodi ndinkayeserera mawu anga, kuuza miyala. Mbiri inafika ngakhale kwa Mayi Nasibeko, mkazi wamasiye amene ankagulitsa mahewu pageti. Miyezi yonseyi ndinkagula, kumwa, kubweza chikho, osapeza liwu limodzi lowauza.

"Ndamva kuti ndinu ophunzira, a Laisoni," anatero. "Ndidzabwera ndidzamve."

Lamlungu mabenchi anadzaza, ena n'kukhala pansi. Ndinaima kutsogolo, jekete yothina m'khwapa, n'kutsokomola ngati m'busa.

"Napoleon," ndinayamba, ndikutchula dzinalo ndi mphuno ngati mzungu, "akanyamuka, dziko lonse limanjenjemera."

"Very good!" anatero Bambo Mhango.

"Palibe mfumu ingamuimitse. Kumene wadutsa midzi imatha, minda imatha, anthu amathawa osatenga ngakhale mphasa."

"Correct! Mwamva, class?"

"Ngakhale phiri silimutchinga. Amalidutsa basi!"

Aphunzitsi anaomba m'manja. "He crossed the mountains! Achimwene, zimenezi munaphunzira kuti?"

"Kwa amalume."

Ndikanakhala pansi pomwepo, bwenzi lero ndikukumbukiridwa ngati munthu wanzeru wa pa Bindura. Koma Mayi Nasibeko anali kumwetulira, ndipo miyendo yanga inakana kupinda.

"Chimene ambiri sadziwa," anatero aphunzitsi, akutembenukira kwa anthu, "n'chakuti ankamunena kuti anali wamfupi."

"Wamfupi? Pepani aphunzitsi, pamenepo buku lanu lalakwa. Kutalika kwake n'kuchokera pano mpaka kushafuti yolowera mumgodi!"

Aphunzitsi anakwinya nkhope.

"Mukutanthauza mzere wa asilikali ake?"

"Alibe asilikali. Amayenda yekha, nthawi yamvula, chokwawa ndi mimba."

"Maiwe! Nedumbu?" anafuula m'Chishona mwini jekete uja, akudzisisita pamimba.

Bambo Mhango anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Achimwene, Napoleon anamwalira kalekale. Pachilumba, ali mkaidi."

"Mkaidi? Anamumanga ndani? Ndi chingwe chanji? Zaka zitatu zapitazo anadutsa kwathu, anatenga khola lonse la amalume. Mbuzi zisanu ndi zinayi!"

"Napoleon anaba mbuzi ku Mulanje?"

"Ndi makasu omwe!"

"Munamuona inu?"

"Amene wamuona sakhala moyo, aphunzitsi. Ife tinangoona njira yake m'mawa, matope okhaokha."

Aphunzitsi anatenga buku lawo lalikulu, kunyambita chala, kutsegula, n'kundiika pamaso. Munali chithunzi cha kamzungu konenepa, chipewa chopingasa ngati bwato, dzanja limodzi katapisa m'malaya, pamimba.

"Uyu ndiye Napoleon. Mfumu ya Afalansa."

Ndinayang'ana kumutu. Ndinayang'ana kumapazi, atavala majombo. Jekete yobwereka ija inayamba kundiwotcha. Ndinatembenuza tsamba kuti ndione ngati chithunzicho chikupitirira kuseri, kenako ndinafunsa chapansipansi:

"Nanga mchira uli kuti?"

Pamenepo mkulu wina wa ku Zomba, amene anali kuwodzera kumbuyo, anadzidzimuka. "Napolo! Mwanayu akunena Napolo!"

Anyasa anagwa pamabenchi ndi phwete. Ashona anafunsa kuti chachitika n'chiyani, wina n'kuwamasulira, ndipo ndinasekedwa kachiwiri m'chilankhulo china. Aphunzitsi anayesa kunena "Order, order!" koma nawonso misozi inali kutsika m'masaya.

Ine ndinangoima. Anthu onsewo akundizungulira, koma sindinakhalepo ndekha ngati nthawi imeneyo. Ndinali nditabweretsa phiri lakwathu, mvula yakwathu ndi amalume anga pamaso pa anthu, ndipo zonse zinasanduka zoseketsa. Ndinkafuna shafuti itseguke pomwepo ndilowe osatulukanso.

Kenako Mayi Nasibeko anaimirira. Anabwera kutsogolo, n'kulanda buku lija m'manja mwa aphunzitsi. Analiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa, ndipo phokoso linayamba kuchepa. Mumtima ndinati, Mulungu ngwabwino, ndapeza wondiimira.

"Musamuseke mwana wa eni," anatero mokweza. "A Laisoni akunena zoona."

Ndinawongola mapewa.

Anatembenuzira chithunzicho kwa anthu, chala chili pa dzanja lopisa m'malaya lija.

"Taonani m'mene wagwirira pamimba mzunguyu. Mbuzi zisanu ndi zinayi si masewera!"

Abale anga, mukapukwa kwanu makutu amanama: musananene kuti munthu mukumudziwa, yambani mwafunsa ngati ali ndi mchira.