Mawilo a Kaboni Osaima pa Maliro

Lolemba

Afika, mawilo atsopano a njinga, a kaboni osati achitsulo! Akuda bii, mkombero wake kukula ngati chikhatho changa. A Tembo, aja amaitanitsa katundu ku China, andipatsa sabata imodzi: ndiwayese, ndikawakonda ndigule, apo ayi ndibweze. Pa bokosi palibe dzina la kampani. Chithunzi cha mphezi basi.

Mpikisano wa njinga uli Lamulungu, msewu wa ku Mfuwe, kukatembenukira cha ku Chiparamba. Zaka zitatu zotsatizana ndakhala nambala folo. Folo! Munthu amene sajambulidwa. Maondo ayamba kudandaula, chaka chino chikandiphonya ndiye kuti basi. Wilo langa lakale lakumbuyo linapindika, likuyenda ngati lalawa kachasu.

Koma mwana wa mphunzitsi wa ku Tamanda sagula chinthu mwachimbulimbuli. Mndandanda:
Zabwino: otchipa, okongola, opepuka. Sikelo ya kubutchala yavomereza.
Zoipa: kupepuka kwakeko. Chinthu chachikulu chonchi osalemera?

Lachiwiri

M'wilo lakutsogolo muli kanthu. Ndikalizunguza: tswa, tswa, ngati chikhadabo pa chitseko. Ndafufuza paliponse, polowera palibe. A Tembo pa foni: "Ni tunyenyeswa twa ku fakitale chabe, bwana. Musayope."

Ndagadabuza njinga pakhonde, ndapita kukasamba. Pobwera, wilo likuzungulira lokha. Ndi mphepo, ndikudziuza. Masamba a mango ali zii.

Galu wakana kukwera pakhonde. Mkazi wanga, amake Chisomo: "Chinthu chanucho chisagone m'nyumba mwanga." Chagona kukhitchini.

Lachitatu

Ulendo woyamba. Liwiro lake, mayo! Chitunda cha kunja kwa tauni ndachikwera ngati ndili ndi zaka makumi awiri.

Koma mawilowa akulira. Uuuu, chapansipansi, ngati amayi akulira kutsidya kwa dambo. Ndikathamanga, kulirako kukuyandikira. Ndacheuka kanayi. Msewu uli mbee. Bambo wina wa makala wandimva ndikubwera, wagwetsa njinga yake, waima m'tchire manja ali kumutu.

China: mawilo a kaboni amafuna marabala akeake a mabuleki. M'bokosi mulibe. A Tembo: "Ali mu shipu, abwera." Ndasiya akale omwewo. Pa msewu wouma akugwira pang'ono, mokakamiza.

Zabwino zawonjezeka: nambala wani ikuoneka!
Zoipa: sindikonda kukhala nawo ndekha.

Lachinayi

Ndilembe basi.

M'mawa, kamvula kowaza. Ndikutsika mtsetse wa ku Chiparamba, pafupi ndi mudzi wa kwawo kwa amake Chisomo. Patsogolo, nthambi zaziwisi zoyalidwa pamsewu. Maliro. Ndi mwana yemwe amadziwa: umatsika, kuvula chipewa, kukankha njinga mpaka upitirire.

Ndagwira mabuleki. Palibe! Mkombero wanyowa, marabala akungotsetsereka, kenako ayamba kukuwa pamwamba pa kulira kuja. Nsapato zomata ku mapedulo zakana kuchoka. Ine yense wakuda: malaya, helimeti, magalasi. Ndadutsa pakati pa azibambo okhala m'mbali mwa msewu ngati mphepo. Nyimbo ya amayi yadukira pakati pa mawu. Chete ameneyo ndikumumvabe.

Ndaima pa mlatho, kutali. Kubwerera kukapepesa? Ayi. Ndazungulira njira ya m'minda, njinga ili paphewa.

Kunyumba ndapeza amake Chisomo akulira, foni ili m'manja. Amalume awo atisiya m'bandakucha. Maliro aja ndi athu. Ndawaperekeza kukakwera minibasi.

Lachisanu

Amake Chisomo aimba foni, mawu akunong'ona. "Atate ake Chisomo, kuno kwaoneka zinthu. Dzulo kwadutsa chinthu chakuda, chopanda nkhope, chikulira ngati munthu, mapazi osagunda pansi. Akuti mzukwa. Ine tulo sindinaone."

Ine: "Zoopsa."

Zoopsa! Ndi zokhazo zimene zatuluka m'kamwa mwa munthu wamkulu, kalaliki wa sukulu, woimba besi kutchalitchi. Ndikuchita manyazi, ndipo mtima ukundiwawa chifukwa cha mantha awo.

Kuika ndi Lamulungu, akudikira ana ochokera ku Kitwe. Lamulungu lomwelo!

Njira zilipo zitatu:
1. Kuulula.
2. Kuthamanga m'mawa, kukafika kumanda masana, osanena kanthu.
3. Kusamukira ku Lundazi.

Loweruka

Ndasankha yachiwiri. Chatsala n'kutseka pakamwa mawilo. Ndamata tepi pa mabowo a masipoko. Ndapaka sopo. Ndatsendera thonje. Kuyesa: uuuu, koma tsopano mosasa mawu.

Ndiye ndakumbukira: mpikisano ukudutsa pamudzi pomwepo, popita ndi pobwera. Nambala kumsana, dzina langa pa chimkuzamawu. Akangomva kulirako, mudzi wonse udziwa mzukwa wawo.

Ndathamangira kumsika ndi wilo lakale. Wokonza njinga walitembenuza kawiri: "Iyi inafa kudala, bwana."

Madzulo ndapeza chotupa pa mkombero wakutsogolo, pamene marabala ankakhula. Ndazunguza wilo. Tswa tswa uja wasiya. Chinali m'katimo chapita kuti? Ndatseka khitchini ndi loko.

Lamulungu

Mpikisano ndausiya. Mkamwini malo ake ndi kumanda, khasu m'manja, kuthandiza adzukulu.

Cha m'ma naini anzanga atulukira pa mtsetse, gulu lonse. Aona nthambi, atsika onse, ndi wotsogola yemwe. Mahelimeti m'manja, nsapato go, go, go pa tala. Ndawerama, ndikukumba. Nambala folo ya chaka chino atenge wina.

Titaika, ndapita kuseri kwa nyumba kumene apongozi akazi akhala pa mphasa. Ndagwada chapatali, nkhope kumbali.

"Amayi, chinthu chija chinadutsa Lachinayi..."

Sanandilole kumaliza. Akuyankhula akuyang'ana nkhokwe.

"Tinakudziwani pomwepo, atate ake Chisomo. Miyendo yanuyo mudzi uno ukuidziwa. Tinapangana kuti tizinena mzukwa, kuti mwana wanga asayende chowerama pa maliro a malume ake. Iye yekha ndiye sakudziwa. Mukamuuze nokha. Kasambeni m'manja, mudye."

Ndadya. 

Tili mu minibasi, kubwerera ku Chipata. Amake Chisomo agona paphewa langa, koyamba m'masiku atatu, atagwira dzanja langa kuti asaope. Mawilo abwerera kwa a Tembo mawa. Amake Chisomo ndiwauza zoona akadzuka.