Amen wa Limbani

Lolemba

A Bishopu andisankha. Lamulungu likudzali ndikalankhule kutsogolo pa msonkhano wa sakramenti, koyamba chibatizidwire. Mutu wake: ulemu m'nyumba ya Ambuye. Ulemu! Ine, amake Limbani!

Mwanayu sanakwanitse zaka ziwiri. Kumpingo kwathu ana sawapatula, banja lonse benchi limodzi, ndiye chiyambire iye kuyenda sindinamvepo msonkhano mpaka kumapeto. Ndimathera panja, pansi pa mtengo wa mango. Bambo ake ndi mlangizi wa a Bishopu, amakhala kutsogolo ndi tayi yawo, kumatiyang'ana ngati sakutidziwa.

Ndikungofuna kumaliza nkhani yanga osachita manyazi. M'mera n'poyamba, tiziyeserera kunyumba:
mipando pamzere,
kupinda manja,
kutseka maso,
akakhala chete mpaka Amen, kachidutswa ka buledi.

Lachiwiri

Zikuyenda! Manja wapinda. Diso watseka limodzi. Ine Amen, iye "Ame!", buledi m'kamwa. Misozi ikulengeza m'maso mwanga.

Koma chikumbumtima chikunditsutsa. Kodi si tchimo kusewera ndi buledi chonchi? Sindinamudalitse ayi, ndi wogula pa kantemba basi. Atate Akumwamba, Inu mumaona mtima.

Lachitatu

Ndikungoyamba pemphero, iye "Ame!" Dzanja watambasula kale. Ndikuti dikira. "AME!" Ndikuti ayi. Wadzigwetsa pansi. Aneba athu a Bana Mwape akukuwa pawindo m'chinenero chawo kuti ndingomupatsa, tonse tipumuleko: "Mupeleni fye, mayo, tupumeko!"

Ndamupatsa. Ndine wofooka, ndikuvomera.

Nkhani ndayamba kulemba. Pali chiganizo chakuti ulemu umayambira pakhomo.

Lachinayi

Wazindikira kuti Amen ndi kiyi wa chilichonse. Ame pa shuga. Ame pa foni yanga. Ame kwa bambo ogulitsa makala, mpaka avula chipewa.

Bambo ake, akupukuta nsapato: "Musade nkhawa amayi, Mzimu udzamufewetsa." Ndawaganizira zoipa. Ndalapa. Ndawaganiziranso.

Lachisanu

Nanga ndili kutsogolo adzamugwire ndani? Sista Chanda, mtsogoleri wa amayi, akuti msana. Msana womwewo unayamba tsiku lomwe Limbani anawatafunira buku la nyimbo.

Kwatsala apongozi a ku Kawama, Akatolika enieni, amene amati tchalitchi chopanda belu ndi ofesi. Ndapita, ndagwada, ndapempha. Avomera. "Ine ndalera ana pa Misa za Pasaka, palibe ndi mmodzi yemwe anatsokomolako." Ndawachonderera kuti akanena Ame asamupatse kanthu. Andiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mukuphunzitsa ine?"

Loweruka

Lero m'nyumba muno buledi mulibe, ndamubisa kwa a Bana Mwape. Asiye chizolowezi. Ndikuwerengera mipando nkhani yanga, iye Ame kuyambira m'mawa, mawu osasasa n'komwe. Mphamvu amazitenga kuti?

M'chikwama cha mawa:
buku la zithunzi (lotafunidwa kale),
galimoto yopanda mawilo, yamawilo imalira pansi,
matewera,
chitenje chomumangira kumbuyo zikavuta.

Ndapemphera kuti agone tulo m'tchalitchi. Kenako ndaganiza kuti bola nditadwala ine, malungo pang'ono chabe. Zimenezinso ndalapa.

Lamulungu

Apongozi afika atavala chitenje cha Amayi Maria, akhala pabenchi lathu ngati woweruza. Nyimbo yoyamba, Limbani phee. Ndikuyamba kukhulupirira.

Pemphero la sakramenti. Mpingo wonse: Amen. Ndiye thireyi ikubwera, buledi wa aliyense, mzere ndi mzere! Ndikuona nkhope yake ikuwala. Chiphunzitso chake chatsimikizika: Amen wamkulu, buledi wambiri. Bwanji sindinaganize zimenezi Lolemba?

Dzina langa latchulidwa. Ndaima, ndayala mapepala. "Abale ndi alongo, ulemu m'nyumba ya Ambuye ndi..."

"AME!"

A Mulenga, nkhalamba ija imagona mlungu uliwonse, adzidzimuka: "Amen." Benchi lakumbuyo: "Amen." Kenako tchalitchi chonse, poti kuno Amen akamveka tonse timavomera, ndiye kuti wolankhula wamaliza. Wotsogolera nyimbo waimirira. Kiyibodi yayamba. Ine chilili, mapepala m'manja. Bambo ake akuyang'ana nsapato zawo zowala zija.

Ndikutsika, ndikuona apongozi akutulutsa chitumbuwa m'chikwama. Akundinong'oneza: "Nanga ndimumane? Wapempha mwaulemu." Chitumbuwa chatha, Ame wayambiranso, ndamunyamula. Pakhomo Sista Chanda andigwira dzanja: "Nkhani yabwino, Sista, yosatopetsa."

Tili pansi pa mtengo wa mango, malo athu. Nyimbo ikumveka pawindo. Mapepala ndili nawo, womvera ndi mmodzi yekha, ndiye ndikumuwerengera yonse, ndi chiganizo chija chakuti ulemu umayambira pakhomo. Pofika tsamba lachiwiri wagona, manja atapinda, mafuta a chitumbuwa pa malaya anga oyera.

Ndamaliza m'dzina la Yesu Khristu. Mawu otsiriza aja sindinawatchule, Atate mundikhululukire. Angadzuke.