Filimu Imene a Jasten Sankalola Kuti Ithe

Aliyense wa m'komboni ija ya pafamu ya ku Tengwe, dziko la eni kutali ndi Malawi, kuseri kwa mabalani akale ootchera fodya, akuuzani chinthu chimodzi cha malemu a Jasten: munthuyo sankalola kuti filimu ithe. Osati filimu iliyonse ayi. Za karate ankaonera mpaka pamapeto, akuponya nawo zibakera m'malere. Imene ankalimbana nayo inali imodzi, yakalekale, yaitali kuposa ulaliki wa pa Pasaka, imene Joze anagula ku Karoi pa mulu wa madisiki opanda zikuto. Dzina lake palibe ankalidziwa, anthu ankangoti Ya Utsi.

Joze ndiye anali ndi TV m'komboni monsemo, yoyendera batire ya thirakitala, ndipo Lamlungu masana anthu akaweruka kutchalitchi ankathinana m'kagolosale kake. M'filimumo munali chimphona chodya utsi chimene chinalanda dziko la mfumukazi ina. Kuti chizikhuta, chinkasunga anthu m'maenje, otuwa ndi phulusa, ntchito yawo kusonkhezera moto basi. Mfumukaziyo inabwerera ndi nkhondo, ili pa kavalo woyera, inabaya chimphonacho pamchombo, kenako inatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kumaenje kuja.

Tsiku loyamba, pamenepo ndi pamene TV inangoti thimu! Anthu atacheuka anapeza a Jasten, nkhalamba imene inathera moyo wake pa moto wa mabalani, atagwira waya wa batire.

"Madala, mwatani?" Joze anakuwa.

"Ndakupulumutsani."

"Kwa ndani?"

"Iwe Joze, maso uli nawo koma umaonera ndi mimba. Chimphona chodya utsi sukuchidziwa? Sunachionepo chitavala kabudula wa khaki, chikununkhiza fodya wathu?"

Anthu anafa nazo ziseko, chifukwa mzungu wakale wa famuyo analidi ndi mimba yotsogola. Koma a Jasten sanaseke. Anatambasula manja awo otuwa aja kuti onse awaone.

"Nanga am'maenjewo ndani? Mwamva wina wa iwo akutchula kwawo? Akagwa, mwaona manda? Tsono chimphona chafa, mwini dziko wabwera, akuyang'ana kwa ife. Inu mukufuna muone zimene achite. Ine ayi. Zikaoneka pagalasipo lero, mawa zili pakhomo."

Nkhondo ya Joze ndi a Jasten inayambira pomwepo, ndipo kunena zoona Joze sanapambanepo. Anapachika batire kudenga, iwo anabwera ndi ndodo yopachikira fodya n'kukolowola waya. Anatseka chitseko ndi loko, iwo anaima panja n'kukuwa kuti, "Moto! Balani yapsa!" Nyumba yonse inakhuthukira panja, Joze patsogolo ndi chidebe, ndipo pobwerera anawapeza atakhalira batire ija ngati nkhuku yofungatira mazira. Tsiku lina a Jasten anakwera kombi ya ku Karoi kukaonetsa chifuwa chawo kuchipatala. Joze anaitana anthu mwakachetechete, filimu inayamba, chimphona chinabayidwa, ndipo pakhomo panamveka kutsokomola.

"Maiwe, sekuru!" anakuwa Joze, kutanthauza agogo m'Chishona. "Simuli ku Karoi?"

"Chikope chinayamba kundivina tili m'njira. Ndinati ana aja ayamba, n'kutsika."

Matanthauzo ankawapeza paliponse. Kavalo woyera anali galimoto ya ogawa minda. Akhwangwala ouluka pamwamba pa maenje anali anthu a kalembera. Ngakhale nyimbo yake ankati ndi ya maliro, angoifulumizitsa kuti tisaizindikire. Akazi awo, mayi Esinati, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo awa angapeze uthenga ndi m'chitosi cha nkhuku chomwe." Ana ankawatsatira m'njira akuimba za chimphona, iwo n'kumawathamangitsa ndi ndodo ija, mpaka onse kutopa n'kukhala pansi kudya nzimbe limodzi.

Kuseka kunayamba kuchepa chaka chimene Liberty, kapitawo wa mwini puloti watsopano amene anagawiridwa malo pafamupo, anabwera pa galimoto yoyera ndi zikhomo zomanga tinsanza tofiira. Anazikhoma mzere umodzi kudutsa pakati pa nyumba ndi manda a komboni. Joze atafunsa, Liberty sanazimitse n'komwe injini. Anayankha m'Chishona, mutu uli pawindo.

"Mudhara ati munda uchasvika apa. Imi muchaenda kumusha kwenyu."

Joze anamva bwinobwino: munda ufika apa, inu mupita kwanu. Koma kwawo kuti? Iye anabadwira kuseri kwa balani. Malawi ankangomudziwa ngati dzina la Dedza, limene bambo ake ankalitchula akaledzera. Tsiku losamuka Liberty sanalinene, ndipo zimenezo ndi zimene zinkamudya Joze. Galimoto ikangolira kumsewu, ankaimirira n'kutchera khutu. Thirakitala ikatembenukira chakukomboni, ankasiya kasitomala pakauntala n'kukasuzumira. Ankachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu, ndipo Ya Utsi anaiika pansi pa matumba a shuga osauza munthu chifukwa chake. Paja akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo.

A Jasten sanamunyoze. Chifuwa chinali chitawagwetsa kale, utsi wa zaka zonse zija ukufuna malo ake. Joze atapita kukawazonda anawapeza pamphasa, atatsala mafupa okhaokha, koma pakamwa pali pomwepo.

"Wabwera kudzaona ngati ndafa kuti ukayatse?"

"Ayi madala, ndinaibisa."

"Wakula tsopano." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ukudziwa, mwanawe, ine sindine wolimba mtima. Ndinkangoona kuti bola tikhale osadziwa, tizidzala chimanga chathu. Munthu ukadziwa tsiku, khasu limalemera." Kenako anamwetulira. "Kumwambako kukakhala TV, ndikapempha mpando wa pafupi ndi batire."

Atamwalira anawaika kuseri kwa zikhomo zija, mbali ya munda, chifukwa manda ena kulibe. Anthu ankaimba maso ali kumsewu.

Amene anapempha kuti filimu ionetsedwe anali mayi Esinati eni ake, atangometa maliro. Anafika m'kagolosale Lamlungu, mutu uli mbee, n'kukhala kutsogolo.

"Joze mwanangu, ndagona ndi mantha a amuna anga zaka zonsezi. Lero ndikufuna ndiwaone nkhope yake. Yatsa."

Komboni yonse inabwera, koma panalibe wotafuna chimanga kapena wokalipira mwana. Chimphona chinagwa. Mfumukazi inatembenuka kuyang'ana kumaenje. Wina kumbuyo anayamba kupemphera chapansipansi. Kenako chithunzi chinasintha. Kunali phwando kunyumba yachifumu, ng'oma, maluwa, ana ovala zoyera, mfumukazi ikukwatiwa ndi msilikali wake. Dziko linaphuka msipu kuyambira kuphiri mpaka kumtsinje, ndipo pamene panali maenje paja panali munda wokongola wa tirigu. Mayina anayamba kukwera pagalasi.

"Bweza," anatero mayi Esinati. "Mwina taphethira."

Joze anabweza. Anaonanso phwando lija, ukwati, tirigu. Anabwezanso kachiwiri.

"Sanawaphe, amayi," anatero Joze.

"Nanga apita kuti?"

"Sananene."

Mayiwo anayang'anitsitsa munda wa pagalasiwo. Kenako anadzuka n'kumanga bwino chitenje.

"Amuna anga ankaopa kuti tiona akutipha. Akanadziwa kuti sitilimo n'komwe, sindikudziwa akanazula waya uti."

Masiku ano mafilimu m'kagolosale ka Joze amatha onse, palibe wosokoneza, ndipo anthu obwera ndi ochepa. Ana alibe wowathamangitsa, amangokhala pamthunzi. Joze amawasowa madala aja kuposa mmene ankaganizira, makamaka galimoto ikalira kumsewu, pamene aliyense amasiya chimene wagwira n'kuyang'ana mnzake, ndipo palibenso woti auze anthu tanthauzo lake. Mvula yoyamba yagwa kale ku Tengwe. M'komboni muja palibe amene wadzala.