Matailosi Okana Penti

Lolemba

Amake Jasinto akubwera Lamulungu kuchokera ku Cuamba, kumene adokotala awachotsa ng'ala m'diso. Ndikufuna adzapeze bafa la m'nyumba lili lobiriwira. Ndanena ine, ndipo zichitika.

Nkhani yake ili chonchi. Jasinto, mwana wathu wa ku Nampula, anatimangira bafa la matailosi oyera, pansi ndi m'makoma momwe. Ntchito yaukatswiri! Ukadutsitsapo chala, see, ngati mbale ya alendo. Koma mayi ake analowamo kamodzi kokha, nkutuluka akupapasa chitseko. Akuti muli mbee ngati mosambitsira maliro kuchipatala, sakuona pothera pansi ndi poyambira khoma. Chiyambire tsiku limenelo amasamba m'bafa la udzu kuseri kwa khola. Dzinja lathali anaterereka pamwala m'menemo, ndipo mpaka lero chiuno chimawauza za mvula isanafike. Mitambo yayambanso kusonkhana cha ku nyanja ya Chiuta. Sindifuna kudzawatolanso pansi.

Ndiye m'mawa uno bafa la udzu ndagwetsa. Udzu wake ndafolera khola la mbuzi. Ndikalisiya, ndikuwadziwa, adzabwerera komweko.

Ndapalasa njinga mpaka ku Entre Lagos. Ndagula chitini cha penti wobiriwira, burashi ndi parafini. Mwini loja, ndiye kuti sitolo kwathu kuno, akuti tailosi sapentedwa chisawawa, ayambe wakhulidwa ndi pepala lokhakhala, kenako apakidwe mankhwala ena oyera a pansi. Ndangomuyang'ana. Mwana wa dzulodzuloli. Ine ndinamanga nyumba kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndinamanganso kuno titabwerera, palibe khoma linandikanapo. Akuti ndiwerenge pachitini. Sukulu sindinapondeko, malemba awa ndinawatola pa matumba a chimanga cha othawa nkhondo, ndiye lero chitini chindiphunzitse kupenta? Komanso zolemba zake ndi zosaoneka. Masiku ano akuumira inki. Ngakhale cholembera changachi chikulemba motuwa.

Lachiwiri

Khoma usanalimate, usanalipake laimu, umayamba walimwetsa madzi. Izi ngakhale mkamwini waulesi amadziwa. Ndatunga ndowa, ndaviika tsache, ndawaza makoma onse mpaka kudontha.

Ndayamba kupaka.

Burashi ikupita kumanja, penti akupita pansi. Ndikubweza m'mwamba, iye akutsikanso, pang'onopang'ono, ngati mamina a mwana. Pamene ndapaka kwambiri pakutuluka timaso ta madzi, tikundiyang'ana.

Ndakhala pa ndowa yovundikira kuti ndione bwino. Koma chinthu ichi! Njerwa imamwa. Dothi limamwa. Simenti imamwa mpaka kutopetsa wotunga. Tailosi samwa kanthu. Madzi amene ndinawaza m'mawa akadali pomwepo, sanalowe ngakhale dontho. Munthu amene anaumba chimenechi, ndikanakumana naye panjira, ndikanatsika njinga nkumuvulira chipewa.

Zobiriwira pakali pano:
pansi ponse
chitseko, chimene sindinachiganizire
mapazi anga mpaka m'misomali
njira yochokera kubafa kukafika pakhonde, kupita ndi kubwera

Makoma okha ndiwo akadali oyera.

Lero sindisamba. Munthu wogwira ntchito ya penti sasamba pakati pa ntchito.

Lachitatu

Kwabwera Che Bwanali, mnzanga msodzi, ndi tinsomba touma pakaliyala. Wasuzumira m'bafa, wayang'ana makoma onse osaseka. Ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezi, saseka msanga. Akuti vuto si penti, si inenso ayi, vuto ndi chinyezi. Bwato salipaka phula lili lonyowa. Amaligoneka padzuwa, nkuliwotha ndi moto mpaka thabwa litatsegula pakamwa.

Mawu anzeru amenewo. Munthu uyu mabwato ake sanamirepo, kupatula limodzi lija.

Tapukuta makoma ndi chitenje chakale cha amake Jasinto. Ndikuganiza kuti ndi chakale. Talowetsa mbaula yodzaza makala, tatseka chitseko, tatsekanso kazenera ndi thumba kuti kutentha kusathawe. Tikukhala pansi pa mango, tikudya tinsomba tija, tikukambirana za momwe anyamata a masiku ano sadziwira ntchito.

Titsegule chitseko, utsi watikankha mpaka pakhonde. Denga lada bii. Penti wa pansi uja watupa matuza ngati nthomba. Kasopo kamene kanali pazenera kasungunuka, chotengera madzi cha pulasitiki chapindika khosi ngati tsekwe.

Koma tailosi! Ndamugwira ndi chikhatho. Wafunda pang'ono basi, palibe mng'alu, palibe chipsera. Che Bwanali wagogoda ndi chala nkunena kuti: "Achimwene, ichi chikanakhala thabwa, bwenzi nditawoloka nacho mpaka ku Malawi."

Makoma auma tsopano. Mawa ndiye tsiku.

Sindisambanso. Utsi umapha tizilombo, aliyense amadziwa.

Lachinayi

Wagwira! Penti wagwira!

Ndikupaka kuyambira kudenga kutsika. Biriwiri ngati mpunga wa kudambo. Ndikupaka, ndikubwerera m'mbuyo kuti ndione, ndikupakanso. Mwini loja uja akanabwera adzaphunzire. Mankhwala a pansi a chiyani?

Ndili pa khoma lomaliza, kwalowa mayi Selestina a nyumba yoyandikana nayo, akuti akufuna kubwereka mtondo. Mtondo ali nawo wawo, ndimaumva tsiku lililonse. Aima pakhomo manja ali m'chiuno, akuti: "Bambo a Jasinto, maluwa okongolawa mukuwakwiriranji?"

Ndawafunsa kuti maluwa ati. Aseka, atenga mtondo, apita. Mayi ameneyu nthabwala zake sizimveka mutu. Khoma loyera mbee, iwo ati maluwa.

Chitseko ndasiya chotsegula kuti mphepo iumitse. Tambala walowa kukayendera ntchito. Watuluka mbali imodzi ili yobiriwira, nthenga zina wazisiya pakhoma, ndipo nkhuku zazikazi zikumuthawa. Nthengazo ndazipentera pamwamba. Sizikuoneka, bola osayang'ana.

Ndikuganiza za amake Jasinto atalowa muno. Mkazi ameneyu anayenda pansi usiku ndi usana nthawi ya nkhondo, Jasinto ali kumsana, mphika uli pamutu, osadandaula ngakhale kamodzi. Ku Cuamba wagonera mpeni wa dokotala ali maso. Munthu wotere akuopa kachipinda koyera. Ndiye ine ndilephere kumusinthira mtundu?

Pansi ndapakanso, kuti zifanane. Ndathera pakona ya kutali ndi chitseko. Ndatuluka bwanji, sindilemba.

Lachisanu

Kwatentha kuyambira m'mawa. Mbuzi zayamba kundisuntha ndikamadutsa. Lero ndisamba, ndipo ndikhala woyamba kulawa bafa latsopano.

Madzi ofunda, ndowa yodzaza, sopo watsopano. Ndatseka chitseko. Nthunzi yadzaza. Ndathira m'mutu, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndatsamira khoma kuti ndikhule chidendene.

Pochoka pakhomapo, khoma labwera nane.

Penti yense wa mbali imeneyo wasendeka ngati khungu la njoka, wandimata kuyambira m'khosi mpaka m'matako. Ndikuti ndigwire khoma lina, nalonso landipatsa lake. Pansi pakuterera kuposa mwala uja wa m'bafa la udzu. Ndakhala pansi ndisanafune. Ndili pansipo ndaganiza: akanakhala amake Jasinto ndi chiuno chawo chija? Mtima wandigunda kuposa matako.

Pamene pasendekapo, tailosi ali phee, woyera, akunyezimira ngati sanaonepo burashi. Madzi ndamupatsa, wakana. Moto ndamupatsa, wakana. Penti wavala tsiku limodzi kundisangalatsa, lero wavula. Sakangana ndi munthu, sakweza mawu, amangokhala chimene ali. Ndikanakhala ndi mwana wina wamkazi ndikanamukwatitsa kwa munthu wa mtima wotere.

Ndinafuna kukafunsa Che Bwanali za nzeru yake ya mbaula, koma lero ndi Lachisanu, ali kumzikiti. Anasankha bwino tsiku.

Momwe zinthu zilili: bafa la m'nyumba silolowamo. Bafa la udzu lili padenga la mbuzi. Msana wanga sindikutha kuufikira.

Loweruka

Foni ya Rozita, mwana wathu wa ku Cuamba kumene mayi ake akukhala. Akuti amayi akwera chapa, minibasi ija, mawa m'mawa, afika masana. Akuti diso lachira modabwitsa, dzulo amayi anaona nyerere ikuyenda pa khoma la nyumba ya eni, analozanso banga pa malaya a mkamwini. Akuti akufunsa ngati chitenje chawo chabuluu cha kutchalitchi chili pomwe anachisiya.

Ndati chilipo. Kukhalapo ndiye chilipo.

Diso loona nyerere! Ndaimika zonse. Penti achoke.

Zida: parafini, phulusa, zitsononkho, mpeni wosendera chinangwa, chigamba cha ukonde chimene wabweretsa Che Bwanali. Iye sanatchule za mbaula, inenso sindinatchule. Mayi Selestina abweza mtondo nkukhalira limodzi kukhula pansi, mosapemphedwa. Pakamwa pawo ndi pautali koma manja awo ndi achitsulo, ndivomere. Ati msana wanga awusiyira eni ake.

Tikukhula, tikupala, tikutsuka. Penti akuchoka m'mizere italiitali, wosavuta ngati khungu la nthochi. Ndapala ndi mpeni mwamphamvu, tailosi osakandika ngakhale pang'ono. Ndayamba kumulankhula ngati mnzanga.

Koma pali pamene penti wakana kuchoka: m'timizere ta simenti tapakati pa tailosi ndi tailosi. Simenti ija inamwa, monga ndinanenera kuti simenti imamwa. Bafa lonse tsopano ndi loyera lokhala ndi ukonde wobiriwira. Che Bwanali akuti maso a ukonde umenewu sangagwire ngakhale mlamba.

Dzuwa lapendeka. Udzu womangira bafa lina palibe, anthu anatentha kale tchire.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Ndavala jekete ngakhale kukutentha, kolala ndaimika.

Afika. Atsika chapa okha, osagwira munthu dzanja, akuyenda ngati mtsikana wopita kumsika. Ayang'ana tambala. Ayang'ana mapazi obiriwira a pakhonde. Ayang'ana pamene panali bafa la udzu, kenako denga la mbuzi. Mkazi uyu akayang'ana chotere ndiye kuti wawerenga zonse.

Alowa m'bafa. Ndaima panja ndi chikwama chawo. Nthawi ikupita, sakutuluka. Kenako ndamva akundiitana, mawu ali pansipansi.

"Bambo a Jasinto, bwerani muone. Kani mwana uja anatigulira a maluwa? Timaluwa tabuluu, pa tailosi aliyense. Ndiye inu mwatiikira mapesi obiriwira."

Ndati inde, ndi momwe ndinakonzera kuyambira Lolemba.

Ndayandikira khoma mpaka mphuno kugunda. Mbee. Ndapendeketsa mutu. Mbee. Iwo akundiyang'ana ndi diso latsopano lija, andigwira chibwano, anditembenuzira kuwala kwa pazenera monga anawachitira adokotala. Akuti chapa yomwe yawabweretsayo imabwereranso ku Cuamba, ndipo Rozita ayala kale mphasa.

Ndati maso anga ali bwino, ndi inki ya masiku ano. Apempha madzi ofunda.

Akusamba m'nyumba tsopano. Ndikumva madzi akukhavuka, akuimba, sakupapasa chitseko. Akuti mizere yobiriwira ikuwasonyeza pothera pansi ndi poyambira khoma. Mvula ibwere ikafuna.

Ine andiletsa kulowamo mpaka msana utayera, akuti ndingadetse maluwa awo. Ndowa yanga ili kuseri kwa nthochi, mbuzi zikundionerera kuchokera pansi pa bafa langa lakale. Za chitenje chabuluu sitinakambe, akuti tikamba ndikadya.

Penti watsala theka la chitini. Che Bwanali akamutenge, bwato limamwa. Maluwawo ndidzawaona ndikabwerako ku Cuamba, ngati alipodi.